Goli la ng'ombe lichoke m'khosi mwa bulu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za chinthu chimene tonse timachiona pamsewu wa ku Mitundu, wa ku Nsundwe ngakhalenso wa ku Mchinji, koma tidachizolowera mpaka maso adaleka kuchiona. Ndikunena abulu awiri omangidwa m'goli la ng'ombe, akukoka ngolo ya njerwa, ya mchenga kapena ya matumba a chimanga, pamwamba pa khosi pali psuu, ntchentche zili ng'waa. Ine ndidagwira ntchito zaka zambiri ku Joni m'makola a mahatchi a mpikisano, ndipo zimene manja anga adaphunzira kumeneko sizikundilola kukhala chete. Goli limenelo si la bulu. Likumaliza ziweto zimene zikudyetsa mabanja ambiri, chonsecho chofunika m'malo mwake ndi malamba amene telala wa pamsika angathe kusoka.

Ndiyambe ndi kumene ndidazidziwira, kuti wina asati ndangolota. Ndinkagwira ku Randjesfontein, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, kumene kuli makola ambiri ndi mabwalo ophunzitsirako mahatchi kuthamanga. Ife osamalira mahatchi kumeneko amatitcha ma groom, ndipo tidali osakanikirana: Axhosa, Abasotho, anzathu a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi ife a ku Malawi. Kunyumba kuno anthu akamva amangoti, "Ooh, munkawola ndowe." Ndowe tinkawoladi, m'mawa uliwonse kusanache. Koma chimene chimasiyanitsa groom weniweni ndi munthu wongodutsa ndi kumangira hatchi zida zake.

Usanaike kanthu kalikonse pamsana pa hatchi, umayamba wapesa ubweya ndi bulashi, makamaka pamene padzakhale chishalo ndi pamene padzadutse lamba wa pamimba. Kamchenga kamodzi kotsalira pansi pa lamba kamakwana kutupitsa khungu hatchi isanabwerere kukhola. Kenaka umayala nsalu yofewa, n'kuikoka pang'ono m'mwamba pamene khosi limakumana ndi msana kuti isapane fupa, ndiye n'kuika chishalo. Chishalo sichikhudza fupa la msana ayi, chimakhala pa minofu ya mbali ziwiri, pakati n'kusiya mpata woti ukasuzumira kumbuyo uone kuwala kutsogolo. Lamba wa pamimba sumanga kamodzi n'kamodzi. Umamanga pang'ono, n'kuiyendetsa hatchi, n'kuwonjeza, kenaka n'kukoka miyendo yakutsogolo umodzi umodzi kuti khungu la m'khwapa lisapindike pansi pa lambayo. Chitsulo cha m'kamwa nacho chili ndi malo ake. Pakati pa mano akutsogolo ndi akumbuyo a hatchi pali mpata wa nkhama zokhazokha, ndipo chitsulocho chimagona pamenepo. Chikatsika chimagogoda mano, chikakwera chimang'amba milomo. Lamba wodutsa pamphuno amafunika kulola zala ziwiri kulowa pansi pake, chifukwa hatchi imapumira mphuno zokha, siingathe kupumira pakamwa ngati ife.

Hatchi ikabwera kothamanga, ntchito imayambanso. Umachotsa chishalo n'kuyang'ana thukuta. Ngati msana wonse wanyowa koma pali kamalo kamodzi kouma, dziwa kuti pamenepo chishalo chimakanikiza kwambiri. Umayendetsa chikhatho msana wonse ndi miyendo yonse, kufunafuna potentha kapena potupa. Ubweya woyera ukamera pamsana pa hatchi yofiira, ndiye kuti padali chilonda kale, ndipo aliyense wodziwa mahatchi akaona amadziwa kuti idadutsa m'manja mwa munthu wosasamala. Bwana amene ndinkamugwirira ankakhululuka zambiri, ngakhale kuchedwa, koma chilonda cha lamba sankachimvetsa. Pa ichi chokha ndimamuvomereza mpaka lero, ngakhale pa nkhani ya malipiro tinkasemphana.

Chifukwa chake amasamala chonchi n'chakuti pa mpikisano kanthu kakang'ono kamagwetsa chuma. Tengani Durban July, mpikisano waukulu wa mahatchi ku South Africa, umene udayamba mu 1897 ndipo umachitika pa bwalo la Greyville ku Durban Loweruka loyamba la July. Mtunda wake ndi mamita 2200, ndipo mahatchi amaumaliza m'mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Pa mpikisano umenewu hatchi iliyonse imapatsidwa kulemera koti inyamule, yamphamvu kwambiri imasenza zambiri kuti zonse zikhale ndi mwayi wofanana. Wokwera amakwera pasikelo ndi chishalo chake asanathamange, ndipo ngati wapepuka amamuikira timapale ta mtovu m'thumba la pansi pa chishalo. Akamaliza amakweranso pasikelo. Anthu amakangana, ena mpaka kudana, pa theka la kilogalamu. Ndipo sikukangana kwachabe, pakuti mu 2008 mahatchi awiri, Pocket Power ndi Dancer's Daughter, adafika limodzi pamzere mwakuti ngakhale chithunzi chidalephera kuwasiyanitsa. Mu 2013 S'manga Khumalo, mnyamata wa ku KwaMashu, adakhala wokwera wachikuda woyamba kupambana mpikisanowu, pa hatchi yotchedwa Heavy Metal. Tsiku limenelo ife a m'makola tidakuwa mpaka mawu kusasa. Komabe dzina la amene adaipesa hatchiyo ndi kuimangira lamba m'mawa umenewo anthu ambiri salidziwa, ndipo ndi mmene ntchito yathu ilili.

Tsono taganizani, A Mkonzi. Hatchi ya mpikisano imalemera pafupifupi makilogalamu 500, imadya chakudya choyezedwa, ili ndi dokotala wake ndi mmisiri wake wa ziboda, ndipo imasenza munthu wosapitirira makilogalamu 60 kwa mphindi ziwiri. Imeneyo ndiyo amaiopera theka la kilogalamu. Nanga bulu wathu, amene thupi lake silifika ngakhale theka la hatchiyo, amene amachoka kudambo ndi ngolo ya mchenga wonyowa dzuwa lili paliwombo, atadya udzu wa m'mbali mwa msewu?

Ndikudziwa yankho limene ndimalandira ndikalankhula zimenezi pa sitolo. Amati, "Achimwene, zimenezo n'za mahatchi a anthu olemera, kuno n'kumudzi." Ayi. Ku South Africa komweko kuli amphawi okoka ngolo ngati ife. M'makomboni ozungulira Johannesburg muli mahatchi okoka malasha ogulitsa khomo ndi khomo, ndipo ku Cape Flats, ku Cape Town, kuli mabanja amene amadya chifukwa chotola zitsulo zakutha pa ngolo ya hatchi. Ngolo zawo n'zophatikizaphatikiza ngati zathu zomwe, mateyala a galimoto yakufa, matabwa otola. Koma simudzapeza mmodzi mwa iwo ataika mtengo pakhosi pa hatchi. Ambiri amakoketsa ndi lamba wa pachifuwa. Ku Cape Town kuli bungwe la Cart Horse Protection Association, limene lidayamba mu 1995, limene limathandiza eni ngolo ndi mankhwala, kukonza ziboda ndi kukonza malamba, komanso limalanda hatchi imene ikuzunzidwa. Kufupi ndi Johannesburg, ku Meyerton, kuli Highveld Horse Care Unit imene imayenda m'makomboni ndi m'midzi pa ntchito yofanana, ndipo abulu imawaonanso. Umphawi ulipo kumeneko, koma luso la malamba lilipo.

Kwathu kuno lusolo kulibe, ndipo si chifukwa cha nkhanza za anthu athu. Dziko lino silidakhalepo la mahatchi. Ntchentche za kashembe ndi matenda a mahatchi amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka madzulo zinkapha hatchi zambiri zimene azungu ankabwera nazo, n'chifukwa chake mabwana a atsamunda ankanyamulidwa pamachila ndi agogo athu. Lero mahatchi mungawaone m'malo owerengeka, monga ku Kande, kumene amakweza alendo. Motero sitidakhale ndi amisiri osoka zishalo ndi malamba monga ali ku Lesotho. Chimene tidaphunzira ndi ng'ombe za ngolo ndi pulawo, ndipo tidaziphunzira bwino. Ng'ombe zitakwera mtengo, akuba atazilowerera, anthu adatembenukira kwa bulu, amene ndi wotsika mtengo, wopirira chilala ndipo ngakhale mwana kapena mayi amamuyendetsa. Goli lidali kale pakhonde, ngolo ya mtengo umodzi idali kale pabwalo. Adangochotsa ng'ombe n'kulowetsa bulu.

Koma matupi awiriwa adapangidwa mosiyana. Ng'ombe yathu ili ndi linunda, khosi lalifupi lonenepa ndi chikopa cholimba, ndipo imayenda mutu uli pansi. Goli limatsamira pa linundalo, ng'ombe n'kumakankha. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, lopyapyala, limaimirira m'mwamba, ndipo chikopa chake n'chofewa. Goli likaikidwa pamenepo lilibe potsamira, ndiye limangotsetsereka, kutsogolo ndi kumbuyo, sitepe iliyonse, kupala malo amodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zikeyi zimakhula mapewa. Chingwe chodutsa kunsi chimafinya m'mero, makamaka pokwera chitunda, pamene nyama ikufuna mpweya wambiri. Mukaona bulu waima pakati pa chitunda, miyendo itatambasuka, mwini ngolo akumukwapula nati ndi waliuma, nthawi zambiri si liuma. Akubanika.

Ndipo bulu ali ndi tsoka lina: salira akamva kupweteka. Hatchi ikamva kupweteka imaponda pansi, imatuluka thukuta, imagubuduka, khola lonse limadziwa. Bulu amangoima duu, makutu atagwa, n'kuleka kudya. Pofika poti mwini wake azindikire kuti akudwala, matenda amakhala atapita patali. Kupirira kumeneku ndi kumene kwapangitsa anthu kukhulupirira kuti bulu samva kuwawa.

Mphamvu za bulu, monga za hatchi, zili pachifuwa pokoka ndi pamsana posenza. Zida zake zimatsata zimenezo, ndipo si zambiri. Choyamba ndi lamba wa pachifuwa, wotambalala ngati zala zinayi, wodutsa pamwamba pang'ono pa nsonga za mapewa koma pansi pa m'mero. Akakwera amatsamwitsa, akatsika amamanga miyendo. Kuti asagwe, kalamba kena kamadutsa pamwamba pa khosi n'kumugwira mbali zonse ziwiri, koma kalamba kameneka sikakoka kanthu, n'kongogwiriza. Ku nsonga ziwiri za lamba wa pachifuwa kumachoka zingwe kapena maunyolo opita kumbuyo. Apa ndi pamene ambiri amene ayesapo malamba amalakwitsa, chifukwa amamangirira zingwezo ku ngolo kwenikweniko. Zimafunika zimangidwe ku kamtanda kakafupi kokoloweka pakati pake, koti kazitha kugwedera. Bulu akamayenda mapewa ake amasinthana, lina kutsogolo lina kumbuyo, ndipo kamtandako kamagwedera motsatira mapewawo. Popanda iko, lamba ndiye amene amayenda pakhungu, ndipo chilonda chimangosamuka kuchoka pakhosi kupita pachifuwa. Ndaonapo anthu atataya malamba abwinobwino nabwerera ku goli chifukwa cha kamtengo kameneka, kamene mpala matabwa aliyense angaseme ndi chidutswa chotsala.

Chachiwiri ndi kachishalo ka pamsana. Ngolo ya mateyala awiri yopakiridwa bwino imatsamira pang'ono kutsogolo, ndipo kulemera kumeneko kuyenera kugwera pamsana, kumbuyo pang'ono kwa mapewa, osati pakhosi. Kachishaloko kakhale ndi mapilo awiri, uku ndi uku, pakati pali mpata kuti fupa la msana lisakhudzidwe, chimodzimodzi chishalo cha hatchi ya ku Greyville. Mayi aliyense amene adasenzapo ndowa kuchokera kuchitsime amadziwa ntchito ya nkhata, ndipo mapilo amenewa ndi nkhata ya bulu. Ngolo yoyenera bulu mmodzi ndi ya mitengo iwiri, bulu ali pakati. Koma ngakhale ngolo zathu za mtengo umodzi zingakonzedwe popanda kuzitaya: owotcherera angaike mtanda wopingasa umene ungagone pa tizishalo ta abulu awiriwo, ndi timitanda tiwiri togwedera kumbuyo.

Chachitatu, chimene sindidachionepo n'kamodzi komwe pa ngolo za kuno, ndi lamba wa kumbuyo, wozungulira ntchafu pansi pa mchira. Ameneyu ndiye mabuleki. Potsetsereka ngolo imafuna kupitirira nyama, ndipo bulu amaibweza pokhalira lamba ameneyu ndi matako, kumene kuli minofu yambiri. Pa goli, ngolo ikathamangira kutsogolo mtengo umakankha kumutu, kuseri kwa makutu, kapena bokosi la ngolo limagunda miyendo yakumbuyo. Zipsera zimene mumaziona pa ntchafu za abulu ambiri zimachokera pamenepo. Ngozi za ngolo zotsetserekera mumsewu waukulu, ana ali pamwamba, zina zimayamba chomwechi.

Zosokera zilipo pamsika uliwonse wa kaunjika ndi kwa ogwetsa magalimoto: malamba a pampando wa galimoto, malamba akutha a makina, chinsalu cholimba cha tenti. Mkati, mbali yokhudza khungu, muikidwe chofewa chosasunga mchenga, monga chikopa cha nkhosa chaubweya kapena nsalu ya jinzi yopindidwa bwino, ndipo chikhale chochotseka kuti chizichapidwa. Chiguduli cha feteleza ayi, chimapala ngati sandipepa chikanyowa ndi thukuta. Mfundo, mabawuti ndi nsonga za waya zonse ziyang'ane kunja. Lamba akaduka asokedwe ndi ulusi, asalumikizidwe ndi waya. Ndipo bulu aliyense akhale ndi malamba akeake omuyeza, chifukwa abulu amasiyana matupi.

Kupakira nako n'mbali ya nkhani yomweyi. Katundu wolemera akhale pamwamba pa ekiselo. Musanamange abulu, nyamulani mtengo wa ngolo yopakira kale ndi dzanja limodzi. Ngati simungathe, ndiye kuti katundu wapita kutsogolo kwambiri ndipo zonsezo zigwera pa nyama. Ngati mtengo ukuthawira m'mwamba, katundu ali kumbuyo kwambiri ndipo abulu azikoka akulendewera. Mateyala akhale opopa mokwanira, mabering'i akhale ndi girisi. Mateyala ophwa amadya mphamvu za bulu kuposa thumba lowonjezera.

Za zilonda zimene zilipo kale, ndikupempha ndi mtima wonse kuti tileke kuthirapo oyilo wakutha wa galimoto, makala a m'batire kapena phulusa. Zimenezo zimaotcha mnofu umene ukufuna kumera, ndipo chilonda chimachita chikhakha pamwamba mkati muli mafinya. Tsukani ndi madzi owiritsa oika kamchere pang'ono, m'mawa ndi madzulo, tchingirani ntchentche, ndipo chachikulu, chotsani chimene chikupala. Chilonda sichingapole pamene goli likubwererapo m'mawa uliwonse. Chikazama kapena chikayamba kununkha, itanani alangizi a ziweto, pakuti bulu amagwidwa kafumbata mosavuta. Ndikudziwa kuti kupumitsa bulu sabata ziwiri ndi ndalama zotayika pakhomo pamene palibe china. Koma bulu wosamalidwa amatha kukhala zaka zoposa 25, pamene mwana wake amatenga pafupifupi chaka chathunthu m'mimba ndi zaka zina zitatu kapena zinayi kuti mafupa akhwime n'kuyamba kukoka. Amene amamanga kabulu ka chaka chimodzi ndi theka m'goli chifukwa wamkulu wafa msanga akungodya mbewu. Abulu sachulukana msanga, ndipo n'chifukwa china chimene atsogoleri a African Union adagwirizana mu February 2024 ku Addis Ababa kuletsa kupha abulu pofuna zikopa zogulitsa kunja. Tingawateteze kwa ogula zikopa, koma pa msewu wa kwathu tikuwatha tokha.

Lamulo loteteza nyama ku nkhanza, la Protection of Animals Act, lilipo m'dziko muno. Koma sindikupempha kuti apolisi ayambe kugwira eni ngolo. Munthu amene sadaonepo lamba wa pachifuwa chibadwire simungamulipitse chifukwa chosamugwiritsa ntchito, ndipo chindapusa chingangochotsa ndalama imene akadagulira lambayo. A bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe akhala akufikira eni abulu m'madera ena ndipo ndikuwathokoza, koma bungwe limodzi silingafike mudzi uliwonse. Ophunzira za udokotala wa ziweto ku Bunda ndi alangizi amene amaphunzira ku Mikolongwe atuluke akudziwa kuyeza bulu malamba ndi manja awo, monga amadziwira kubaya katemera. A TEVETA, amene amaphunzitsa kale utelala ndi kuwotcherera, aikepo kusoka malamba a ziweto ndi kupanga ngolo ya bulu, chifukwa msika wake ulipo, ukuyenda pamsewu tsiku lililonse. Mafumu ndi makomiti a m'misika imene ngolo zimaimapo angathandize poika pomwera madzi ndi pamthunzi, popeza abulu ambiri amaima tsiku lonse padzuwa ali m'goli, kudikira katundu wobwerera naye.

Mawu ena ndikupereka kwa anzanga amene tidagwira limodzi m'makola a ku Randjesfontein, ku Turffontein, ku Summerveld ndi ku Milnerton, komanso amene adagwirapo ku Borrowdale ku Harare. Ambiri tidabwerera ndi malata, njinga ndi wailesi, luso n'kulisiya pachipata ngati kuti kuno lilibe ntchito. Inu mumadziwa kuwerenga thukuta pamsana, mumadziwa kutola phazi n'kuchotsa mwala m'chiboda, mumadziwa pamene lamba ayenera kudutsa. Bulu wa mnansi wanu akufuna zomwezo.

Ine kwanga ndasoketsa malamba a abulu awiri kwa telala wa pamsika, ndipo mapatani ake ndidawadula pa katoni, ndili nawo. Telala, wowotcherera kapena mwini ngolo aliyense wa kuno ku Mitundu ndi midzi yozungulira amene akufuna kuwaona kapena kuwajambula alembere kudzera kwa inu, A Mkonzi, ndipo ndidzabwera nawo tsiku la msika pamodzi ndi tepi yoyezera. Sindilipiritsa. Abwere ndi bulu wake, chifukwa muyeso timatengera pa nyamayo.

Ine wanu,
Wosamalira mahatchi wakale,
Mitundu, Lilongwe.